Satchel Paige: katswiri amene anamutsegulira khomo dzuwa litapendeka

Loweruka lapitali ndinali pa doko la Kachulu kudikira ngalawa zochokera pa chilumba cha Chisi, poti mayi akunyumba anandituma makumba a ndiwo. Ndili chiimire pamthunzi, ndinaona mwana wa mlongo wanga akukweza matumba a matemba pa lole ya amalonda a ku Limbe. Anali atavala malaya a kaunjika, pachifuwa palembedwa kuti Monarchs, kumsana kuli dzina loti Paige.

"Kodi iwe," ndinamufunsa, "dzina waberekalo, mwini wake ukumudziwa?"

"Ayi amalume," anayankha uku akupukuta thukuta. "Ine ndinangoona kuti nsalu yake njolimba. Kapena ndi woyimba wa ku America?"

Ndinaseka, koma pobwerera kunyumba pa njinga nkhaniyi inandikhala pamtima. Inu amene mumagulitsa kaunjika ku Zomba, ku Limbe ndi ku Lilongwe mwagwirapo zipewa ndi malaya a masewero a baseball osawerengeka. Lero ndati ndikuuzeniko za mwini wa limodzi mwa maina amenewo. Ine ndinalimva koyamba ndili ku sekondale, m'buku limene anatisiyira mphunzitsi wina wochokera ku America, ndipo chiyambire ndakhala ndikutola za munthuyu paliponse pamene ndazipeza.

Poyamba timvane za masewerowo, popeza kwathu kuno ngachilendo. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 9. Woponya amaima pa kachulu kakang'ono pakati pa bwalo, n'kuponya kampira kolimba kwa womenya amene wagwira chibonga pa mtunda wa mamita 18 ndi pang'ono. Womenyayo akaphonya katatu, watuluka. Akaumenya, amathamanga kuzungulira bwalo, ndipo akabwerera pamene anayambira ndiye chigoli chimenecho. Akatuluka atatu, matimu amasinthana, mpaka zigawo 9 zitakwana. Ndiye mukuona kuti masewero onse amatsamira pa mkono wa woponya, monga momwe ngalawa ya pa Chilwa imatsamira pa munthu wogwira nsungwi.

Leroy Robert Paige anabadwa pa 7 July 1906 mu mzinda wa Mobile, m'chigawo cha Alabama, kummwera kwa America. Bambo ake ankalima maluwa m'nyumba za anthu, mayi ake ankachapa zovala. Ali mwana ankapita pa siteshoni ya sitima kukanyamulira anthu katundu, monga amachitira anyamata athu pa depoti ya basi. Iye mwini ankasimba kuti anapeza nzeru yomangirira zikwama zambiri pa mtengo umodzi kuti azilandira ndalama zingapo pa ulendo umodzi. Ankati dzina loti Satchel, lomwe pa Chingerezi ndi chikwama, linachokera pamenepo.

Mwanayo anali wovuta. Sukulu ankajomba, ndipo chimene ankachidziwa bwino ndi kugenda miyala. Mu 1918, ali ndi zaka pafupifupi 12, anagwidwa ataba tinthu m'sitolo, ndipo anamutumiza ku sukulu ya ana opulupudza ya anthu akuda ku Mount Meigs. Anakhalako zaka zisanu. Kumeneko ndiko anamuphunzitsa kuti mkono wogenda miyalawo ukhoza kumudyetsa. Anatuluka kumapeto kwa 1923 ali mnyamata wamtali, woonda ngati bango, wamapazi akuluakulu.

Koma dziko limene anatulukiramo linali logawika pawiri. Mu 1896 khoti lalikulu la America linagamula kuti si mlandu kupatula akuda ndi azungu, bola onse akhale ndi malo awo. Kuyambira pamenepo, kummwera kwa dzikolo sukulu, mahotela, mipando ya m'sitima, ngakhale mpopi wa madzi akumwa, zonse zinali za awa paokha, za awo paokha. Malamulo amenewa ankatchedwa Jim Crow. Ndi America yomweyo imene John Chilembwe anaipeza mu 1897 pamene anapita kukaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia.

Ku baseball kunalibe lamulo lolembedwa. Eni matimu a ligi yaikulu anangogwirizana pakamwa kuti munthu wakuda asalembedwe ntchito, ndipo pangano lapakamwalo linagwira ntchito zaka pafupifupi 60. Akuda sanakhale pansi n'kumalira. Mu 1920 Rube Foster anasonkhanitsa eni matimu ku Kansas City n'kuyambitsa ligi yawoyawo, Negro National League. M'maligi otere ndimo Paige anakulira: Chattanooga mu 1926, Birmingham Black Barons kuyambira 1927, kenako Pittsburgh Crawfords, kumene womuwakhira mpira anali Josh Gibson, chiphona chomenya mpira mpaka kunja kwa bwalo.

Moyo wake unali wa pamsewu. Ndalama za ligi zinali zosakwana, tsono matimu ankayendayenda m'matauni ang'onoang'ono kusewera ndi aliyense wofuna, nthawi zina kawiri kapena katatu pa tsiku. Usiku ankagona m'basi, chifukwa hotela ya m'tauni imene anthu ake awaombera m'manja masana inkawakaniza bedi. Chakudya ankagulira kukhomo la kuseri. Amalonda amene munagonapo pansi pa lole pa Mwanza kapena pa Dedza mukudziwa kuwawa kwa msana wake. Kusiyana kwake nkwakuti iwo ndalama ya chipinda anali nayo m'thumba.

Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Paige anadziwa kuti luso lokha silidzaza bwalo, choncho anasanduka wazisudzo. Ankayenda mwaulesi popita pa kachulu kake ngati munthu wodwala malungo, kenako n'kuponya mpira umene womenya ankangomva kulira kwake m'manja mwa wowakha. Pokonzekera masewero ankaika kapepala ka chingamu pansi n'kumadutsitsa mpira pamwamba pake. Nthawi zina ankauza anzake oteteza kumbuyo kuti abwere adzakhale pansi, iye n'kutulutsa omenyawo yekha. Mipira yake ankaipatsa maina. Wotchuka unali uja woti amayamba kuponya, n'kuima pang'ono phazi litaponda kale pansi, womenya n'kutaya chibonga chake mpira usanachoke n'komwe m'manja.

Mwina wina anena kuti ameneyo ankangogonjetsa akuda anzake. Ayi ndithu. Ligi yaikulu ikatseka, akatswiri achizungu ankapanga matimu awo n'kumasewera ndi akuda pofuna ndalama zapadera. Mu 1934 ndi 1935 Paige anakumana kangapo ndi Dizzy Dean, amene panthawiyo anali woponya wotchuka kuposa onse mwa azungu, ndipo Dean sanabise kuti mnzakeyo anali woopsa. Joe DiMaggio anakumana naye mu 1936 asanalowe mu New York Yankees, ndipo anadzanena pambuyo pake kuti sanaonepo woponya woposa Paige. Mu 1935 Paige anasewerera timu ya ku Bismarck, North Dakota, momwe munali akuda ndi azungu pamodzi, ndipo anatenga chikho ku Wichita. Umboni unalipo wokwanira. Eni matimu akuluakulu ankaona zonsezi, n'kumayang'ana kumbali.

Munthu amene kwawo amutsekera khomo amapita kulikonse kumene kuli ndalama. Paige anali wosakhazikika, ndipo eni matimu ankadandaula naye chifukwa chothawa makontirakiti. Mu 1937 anatenga anzake angapo, kuphatikizapo Gibson, kupita ku Dominican Republic kukasewerera timu ya mtsogoleri wankhanza Rafael Trujillo, amene anali atasintha ngakhale dzina la likulu la dziko kuti likhale lake. Paige ankasimba kuti pa masewero omaliza asilikali a mfuti anaima m'mbali mwa bwalo, ndipo iye anaponya ngati munthu wothawa imfa. Anali munthu wodziwa kuthira mchere nkhani, koma chikhocho anatengadi.

Chaka chotsatira, ali ku Mexico, mkono unafa. Kukweza dzanja kuti avale malaya kunali ndi ululu. Anali ndi zaka 32, ndipo ambiri anati zake zatha. J. L. Wilkinson, mwini wa Kansas City Monarchs, anamulemba mu timu yake yachiwiri kuti dzina lokha lizikopa anthu. Mu 1939 mkono uja unabwerera. Anawonjezera nzeru pamene mphamvu zinachepa, ndipo mu 1942 anathandiza Monarchs kugonjetsa Homestead Grays pa mpikisano waukulu wa maligi a akuda. Malaya a mwana wa mlongo wanga aja ndi a timu imeneyi.

Khomo linayamba kutseguka itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu October 1945, Branch Rickey wa Brooklyn Dodgers analemba Jackie Robinson, mnyamata amene chaka chomwecho anasewera limodzi ndi Paige mu Monarchs. Robinson anali atapita ku koleji, anali atakhalapo ofesala wa asilikali, ndipo analonjeza kupirira chipongwe osabwezera. Analowa m'bwalo la ligi yaikulu pa 15 April 1947. Paige anamuyamikira pagulu, koma m'buku la moyo wake anavomera kuti zinamupweteka, popeza ndi iye amene kwa zaka 20 anadzaza mabwalo mpaka azungu kuyamba kufunsana mafunso. Gibson yekha sanaone n'komwe tsikulo. Anamwalira mu January 1947 ali ndi zaka 35.

Nthawi ya Paige inakwana pa 7 July 1948, tsiku lomwe anakwanitsa zaka 42. Bill Veeck, mwini wa Cleveland Indians, anamulemba ntchito. Ena m'manyuzipepala anati Veeck akungofuna kuseketsa anthu ndi nkhalamba. Za zaka zakezo panali mkangano, chifukwa Paige ankatchula chaka china lero, china mawa, mpaka kunena kuti tsiku lake lobadwa linalembedwa m'Baibulo limene mbuzi inadya. Ife a kuno sitidabwa nazo. Inenso mayi anga ankangoti ndinabadwa chaka chimene Chilwa inauma, ndipo ndinachita kufufuza ndekha kuti chinali 1968. Veeck anachita kupita ku Mobile kukafunafuna chikalata chobadwira.

Nkhalamba ija inawatseka pakamwa. Pa 20 August 1948 anthu 78,382 anadzaza bwalo la Cleveland usiku, ndipo Paige anaponya zigawo zonse 9 osalola Chicago White Sox kupeza ngakhale chigoli chimodzi. Chaka chimenecho anapambana maulendo 6, n'kugonja kamodzi kokha. Cleveland inatenga chikho cha World Series, ndipo iye anakhala munthu wakuda woyamba kuponya pa mpikisano umenewu. Mpira wake woima pang'ono uja akuluakulu a ligi anauletsa. Anasewereranso St. Louis Browns kuyambira 1951 mpaka 1953, ndipo kawiri anasankhidwa mu timu ya akatswiri a ligi yonse.

Tsono taganizani abale. Ngati munthu wa zaka 42, wa mkono umene unafapo kale, anachita zimenezi, nanga akanalowa ali ndi zaka 22? Funso limeneli palibe angaliyankhe, ndipo mlandu wa tsankho uli pamenepo. Anthu a ku Cleveland anadya mkute. Nsima yeniyeni inathera m'mabwalo a fumbi, kumene nthawi zambiri kunalibe ndi wolemba zigoli yemwe.

Zotsatira zake zinali zosakaniza ulemu ndi manyazi. Pa 25 September 1965, ali ndi zaka 59, Kansas City Athletics inamuitana kuti aponye tsiku limodzi. Anamukhazika pa mpando wa ndalema, namwino ali pambali kumusisita mkono, kuti anthu aseke. Iye anadzuka, n'kuponya zigawo zitatu kwa Boston Red Sox osalola chigoli. Mu 1968 zinadziwika kuti akuperewera masiku 158 kuti alandire penshoni ya ligi yaikulu, munthu amene anaponya mpira zaka zoposa 40. Atlanta Braves inamulemba kuti masikuwo akwane. Mu 1971 anamusankha kulowa m'nyumba ya chikumbutso cha akatswiri ku Cooperstown, koma poyamba anafuna kuika a maligi a akuda pa khoma lawolawo. Anthu atakwiya ndi pamene anasintha maganizo. Anamwalira ku Kansas City pa 8 June 1982.

Mpaka mu December 2020 ndi pamene akuluakulu a baseball anavomera kuti maligi 7 a akuda a pakati pa 1920 ndi 1948 anali maligi aakulu, ndipo mu May 2024 anaphatikiza zigoli zawo m'mabuku. Atatero, Gibson anapezeka ali pamwamba pa onse pa kamenyedwe ka mpira, kuposa Ty Cobb. Eni ake anali atagona kalekale.

Amalonda mumvetse ichinso. Khomo lija litatseguka, matimu a akuda anagwa. Akatswiri anapita, oonerera anawatsatira, ndipo Rickey sanapereke ngakhale tambala kwa Monarchs chifukwa cha Robinson. Negro National League inatha itangotha 1948. Mahotela ang'onoang'ono, malo odyera ndi ogulitsa matikiti amene ankadalira masewerowo anavutika nawo. Ufulu unabwera, koma phindu lake linakalowa m'thumba la yemwe uja anatseka khomo.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Lamulo lothetsa tsankho m'malo a anthu onse ku America linasainidwa pa 2 July 1964, masiku anayi dziko lathu lisanalandire ufulu. Kuno nako, nthawi ya atsamunda, makalabu a masewero ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Limbe anali a azungu, ndipo ngakhale mpira wamiyendo unali ndi mabungwe awiri.

Agogo anga aamuna anali a msinkhu umodzi ndi Paige. Kugenda anaphunzirira m'minda ya mpunga ya m'dambo la Chilwa, poingitsa mbalame. Atakula anakalembedwa ntchito yotola mipira pa kalabu ina ya azungu. Ankatiuza madzulo kuti mabwanawo akamakonzekera cricket ankawaitana kuti aziwaponyera, chifukwa mpira wawo unali wovuta kumenya. Masewero enieni akayamba, agogo ankatuluka kunja kwa mzere n'kukagwira ndowa ya madzi. Sindikunena kuti akanakhala katswiri wa dziko lonse. Mwina akanakhala, mwina ayi. Palibe anawayesa, ndipo chithunzi chawo palibe.

Pano ndiulule chimene chinandiwawa pa Kachulu paja. Mwana wa mlongo wangayo anali goloboyi woopsa. Kuchokera ku Jali mpaka ku doko, anyamata ankadziwa kuti penate ya kwa iye si chigoli ayi. Mu 2018, ali ndi zaka 17, munthu wina anamuona pa bonanza n'kumuuza kuti apite ku Blantyre akamuyese. Chinali chaka chimene nyanja inaumanso. Ngalawa zinali gwa pamatope ong'ambika, bambo ake opanda ndi khobidi lomwe. Anabwera kwa ine kudzapempha ya basi ndi ya nsapato.

"Amalume, sabata imodzi yokha. Akandikana ndibwerera."

Ine, mphunzitsi wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndinamuyankha kuti mpira sadya, ayambe wamaliza sukulu, mwayi udzabweranso. Sukuluyo inathera pa fomu 3 chifukwa cha fizi. Mwayi sunabwerenso. Lero akunyamula matumba, dzina la wonyamula zikwama mnzake lili kumsana.

Sindikufanizira umphawi wathu ndi Jim Crow. Mwana uyu palibe anamulembera chikwangwani chomuletsa kulowa, palibe anamuopseza ndi chingwe. Tsankho la khungu linali nkhanza yokonzedwa dala ndi anthu, yotetezedwa ndi makhoti. Komabe phunziro limodzi ndalitolapo. Luso la thupi lili ndi nyengo yake, ngati matemba. Mlimi akaphonya mvula ya chaka chino adzadzala chaka chamawa, wophunzira akalephera mayeso akhoza kubwereza. Wamasewero ali ndi zaka khumi kapena khumi ndi zisanu basi, ndipo amene wamuuza kuti adikire wamulanda zimene sangamubwezere. Madzi akatayika saoleka. Paige anali ndi thupi lodabwitsa, lotha kudikira mpaka zaka 42. Anzake mazanamazana analibe.

Ndiye pempho langa lili pawiri. Inu amalonda amene mumabwera kuno kudzapikula nsomba ndi mpunga wa ku Likangala, mukamadikira lole kuti idzaze, tapitaniko pa bwalo la sukulu muone ana akumenya chikulunga. Ena a inu mumathandiza matimu a m'tauni, mumadziwana ndi makochi. Mwana mmodzi kumukweza pa lole yobwerera n'kumupatsa pogona sabata imodzi sikungagwetse bizinesi yanu. Musasiyire andale okha, amene mabonanza awo amaphuka chisankho chikayandikira n'kufota mavoti akawerengedwa.

Inu ophunzira a ku Chirunga ndi kwina, mukabwera kutchuthi, tengani kope. Lembani maina a matimu a kwanu, amene wagoletsa, amene wagwira penate, tsiku ndi malo. Jambulani ndi mafoni anuwo. Zigoli za Gibson zinapezeka chifukwa manyuzipepala a anthu akuda, monga Pittsburgh Courier ndi Chicago Defender, ankalemba pamene ena sankalabadira, ndipo patapita zaka anthu ofufuza anakafukula mapepalawo. Agogo anga analibe wowalembera.

Lamulungu madzulo ndinapita kwa mlongo wanga n'kumufotokozera mnyamatayo nkhani yonseyi, kuyambira pa siteshoni ya Mobile mpaka ku Cooperstown. Za 2018 ndinazitchulanso, ndipo ndinapepesa. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana malaya aja pa chingwe.

"Zinapita zimenezo amalume," anatero. "Koma pali kamwana kena pa sukulu ya pulaimale apa, kamanzere. Mukakaone Lachitatu. Kakadzafuna ya basi, musadzayankhe ngati muja."

Ndinavomera. Pamene ndinkakwera njinga anandiitananso.

"Amalume, ndiye kuti malayawa mtengo wake wakwera eti?"

Ndinamuuza kuti asagulitse.